Nyuzipepala Zosita za Ambuya

Fungo la nyuzipepala yotentha yonunkha kapenta limandibwezera ku komboni ya Luangwa, pakhonde pa ambuya, atate awo a bambo anga, amene anagwira ntchito pansi pa mgodi mpaka chifuwa chinawatulutsa. Loweruka lililonse ankatolera mapepala okulungira ndiwo a kumsika, n'kuwasita ndi nsimbi ya makala mofatsa ngati malaya opita nawo ku misa, utsi uli tolo, iwo akutsokomola. Akatero ankandiitana.

"Iwe Tisa, bwera. Peza liwu lamene siudziwa."

Ndinali giredi 11, ndipo ndinkanyansidwa nazo. Liwu ndikalipeza, tinkalifufuza m'dikishonale yopanda chikuto, kenako ndinkayenera kuligwiritsa ntchito tsiku lonse, kwa amayi, kwa anzanga, ngakhale kwa nkhuku. Anzangawo ankanditcha Mzungu wa Kapenta.

Ambuya sankafuna Chingelezi chodzionetsera. Ankati mawu ang'onoang'ono ndi opemphera ntchito, akuluakulu ndi okanira.

Mgodi utagulitsidwa, bambo, amenenso ankagwira komweko, anachotsedwa ntchito. Kumsonkhano, bwana watsopano anawauza kuti zonsezo zinali "inevitable", ndiye kuti zosapeweka, ndipo liwulo anabwera nalo kunyumba ngati matenda. Tsiku lina masana anandiuza kuti ndisiye sukulu, ndikagulitse tomato pa tebulo la amayi, popeza amayiwo anali atayamba kuyenda ku Nakonde kukaoda katundu.

"Ni inevitable, mwana wanga," anatero osandiyang'ana.

Ambuya anaika nsimbi pansi.

"Wakamba ndani? Tisa, imilira. Muyankhe tate wako mu Chizungu, na mawu yonse yamene tasita."

Ndinaimirira, ukali utandigwira. Ndinanena kuti ndine "reluctant", sindikufuna. Kuti kundichotsa ndi "premature", nthawi yake sinakwane. Kuti ndi "unjust", si chilungamo. Ena ndinawatchula mokhota, ambuya n'kumandikonza pomwepo, ine misozi ili mbwembwembwe.

Bambo anatembenukira kwa ambuya.

"Ku miting'i kuja tinali amuna full holo," anatero. "Tinamvela vonse. Palibe anayankha. Koma atate, Chizungu sichigulitsa tomato. Pa tebulo azankhala ndani?"

"Ine," anatero ambuya.

Bambo anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Lolemba m'mawa ambuya anavala jekete lawo la kutchalitchi, nasenza dengu, n'kukakhala pakati pa azimayi kumsika. Anzawo akale a kumgodi ankadutsa dala kuti awaseke. Iwo ankangowafunsa kuti, "Mugula olo muyang'ana chabe?" Fumbi linkawapweteka, ankabwera madzulo akupuma movutikira, ndipo ndinkachita manyazi ndi chisoni ndikawaona. Nditawapempha kuti asiye, anandikalipira.

"Nisiye bwanji? Manje mapepa nili nayo pafupi, nisankha yabwino nikalibe kumangila tomato."

Anakhala pa tebulopo mpaka ndinalemba mayeso a giredi 12. Zotsatira zinatuluka iwo atagona kale kumanda, ndipo ine ndinakawawerengera komweko mokweza, anthu odutsa akundiyesa wamisala.

Lero ndimaphunzitsa Chingelezi ku Ndola. Ana anga a giredi 12 amadabwa ndikawabweretsera nyuzipepala zakale zosita bwino. Liwu lija la bwana ndimaliphunzitsa ndithu, chifukwa limabwera pamayeso. Koma ndikalilemba pabolodi, ndimatembenuka n'kuwafunsa kuti, "Wakamba ndani?" Sindipitiriza mpaka wina ataimirira.