Chombo Chimene a Useni Anachitcha Zaidi

Achimwene anga a Useni anakhoma maboti zaka makumi atatu ndi zisanu kufupi ndi pomwe Bua amathira m'nyanja, ndipo m'zaka zonsezo sanayamikirepo boti la munthu wina. Munthu wovuta ngati ameneyo! Msodzi akabwera ndi boti logula kwina kuti alimate, iwo ankalizungulira kawiri, n'kugogoda thabwa ndi chala, kenako n'kufunsa kuti, "Ili ndi boti kapena khola la nkhuku?" Ine mlongo wawo ndinkachita manyazi m'malo mwawo.

Nyundo anaisiya chaka chimene mphepo ya mwera inatenga mwana wawo Zaidi, mnyamata wamtali woti anali pafupi kukwatira. Anapita kukapha usipa ndi anzake atatu m'boti lokhoma bambo ake. Botilo linapezeka ku Dwambazi patatha masiku awiri, litagadabuzika koma lathunthu, popanda thabwa n'limodzi lomwe lozuka. Anzake atatu aja anapezeka. Zaidi ayi.

Ife Asilamu maliro sitigoneka. Munthu akatisiya m'mawa amasambitsidwa, n'kuvekedwa sanda, nsalu yoyera ya maliro, masana ali m'manda. Koma Zaidi tinamuswalira pemphero la maliro popanda thupi, jeneza yonyamulira mtembo itatsamira khoma la mzikiti. Nsalu yoyera imene achimwene anagula tsiku loyamba kufufuza inalowa m'sutikesi. Anthu powatonthoza ankati botilo linalibe vuto, iwo n'kuyankha kuti, "Boti labwino lanji lobwerako lokha?"

Anatsala ndi mwana mmodzi, Fauzia, amene ndinalera ine mayi ake atamwalira. Anaphunzira zojambula pa kompyuta ku Lilongwe, n'kupeza ntchito ku kampani ina ya kunja yopanga magemu a pafoni. Chaka chatha anabwera kudzadya Idi, atanyamula kompyuta yake. Gemu yawo inali ya nkhondo ya mumlengalenga, zombo zikuluzikulu zikuuluka pakati pa nyenyezi n'kumaomberana mizinga, ndipo akampaniwo anamutuma kujambula mtundu watsopano wa chombo. Ine ndinamuseka. Sukulu yonse ija kuti uzijambula zidole?

M'mawa wina anawaonetsa bambo ake pakhonde. Chombo china chinaphulika, tianthu ting'onoting'ono n'kumayandama mumdima.

"Agwawo amawatola ndani?" anafunsa achimwene.

"Palibe, ababa. Ndi gemu chabe, amangozimiririka."

"Kuzimiririka kupita kuti? Alibe kwawo?"

Tsiku lotsatira anaitanitsa pensulo ndi katoni ya sopo. Abale, munthu amene anakhala zaka zisanu ndi ziwiri akungoyang'ana nkhuku pabwalo! Anajambula chombo chotakata pamimba, chosathamanga, cha mfuti ziwiri zokha zodzitetezera. Kumbuyo anaika khomo lalikulu ndi ukonde wokokera ogwa pankhondo. M'kati munali chipinda chogonekamo anthu makumi anayi, ndi malo osambitsira maliro. Fauzia atawauza kuti mumlengalenga mulibe madzi, anamukalipira kuti ndiye azinyamula m'migolo, nanga maliro amadikira mvula? Atamupempha kuti awaonetse zombo zina za m'gemumo, anaziyang'ana n'kutsonya. "Makola a nkhuku okhaokha." Ndinathawira kukhitchini kukalira, chifukwa achimwene anga anali atabwerera mwakale.

Fauzia anati mtundu uliwonse wa zombo umafunika dzina.

"Lemba kuti Zaidi," anatero achimwene. "Iyeyo sanatoledwe, koma azitola anzake."

Akampani anachikonda chombocho. Achimwene anauza aliyense, kumzikiti, kumsika, ngakhale a Fakiri ogulitsa misomali amene anayambana nawo kalekale. Ankati mwana wawo Zaidi wapeza ntchito kumwamba. Patatha miyezi isanu chombocho chinalowa m'gemu, koma Fauzia osabwera, akungoti ntchito yachuluka. Mwana womulera wekha sangakubisire. Ndinamuimbira foni kuti akapanda kufika Loweruka ndikamutenga ndi khutu.

Anafika, n'kundikokera kuseri kwa nyumba. Mabwana ake anati palibe wosewera angasankhe chombo chotola mitembo, anthu amafuna kuombera. Anasunga maonekedwe ake ndi dzina, poti linawakomera, koma chipinda chija anachidzaza mizinga. Anakangana nawo, osaphula kanthu, popeza anasaina kale kuti chilichonse chimene wajambula n'chawo.

"Azakhali, ndiwauza bwanji?"

Ine ndi nzeru zanga zoperewera ndinati asawauze. Maso awo anali atafooka, pa kagalasi ka foni akanaona chiyani? Uchitsiru wanga umenewo ndimaukumbukira mpaka lero. Mmisiri ungamunamize pa boti lake?

Achimwene anaitanitsa foni ya Fauzia kuti aone chombo chawo, n'kuigwira pafupi ndi mphuno. "Mimba ndi yomweyo," anatero akumwetulira. "Tatembenuza ndione kumbuyo." Fauzia anatembenuza. Pamene panali khomo panali mabowo asanu ndi atatu a mizinga.

"Khomo langa lili kuti?"

Nthawi yomweyo chombo cha wosewera wina, sindikudziwa wa dziko liti, chinaombera chathucho, n'kuchiphulitsa. Tianthu tija tinamwazika, tinayandama pang'ono, kenako tinazimiririka.

"A Zaidi otere alipo angati?"

"Aliyense wosewera atha kutenga chake, ababa. Alipo masauzande."

"Ndiye kuti amafa tsiku lililonse."

Fauzia anayamba kulira.

"Ndipo womutola palibe," anatero achimwene.

Ndinkayembekezera kuti akalipa, kapena aponya foni pansi, ndipo bola akanatero. Anangoibweza ndi manja awiri, ngati akupereka kwa mlendo. "Mwanangu, kachotse dzina la mchimwene wako."

Fauzia analemba makalata atatu. Yankho linali lomwelo, lakuti osewera alizolowera dzinalo ndipo silingasinthidwe. Ndinawatukwana anthu amenewo, anthu oti sindinawaonepo, mpaka aneba anabwera kudzafunsa ngati kwagwa zovuta. Achimwene anasiya kukhala pakhonde. Akamva anyamata akusewera pafoni m'njira ankatseka zenera, ngakhale zinali nyimbo chabe. Katoni ija anaipinda n'kutsekera nayo pamene denga linkadontha.

Mvula itayamba anadwala chibayo. Fauzia anafika iwo akadali moyo, m'mawa wa Lachinayi, n'kugwada pambali pa mphasa. Anamuzindikira.

"Achotsa?"

Ndinamutsina kuti avomere, ine wosaphunzira pa zolakwa zanga. Mwanayo anandichotsa dzanja.

"Ayi, ababa. Sanachotse."

Anagwedeza mutu pang'ono, n'kutembenukira kukhoma. Dzuwa lisanafike paliwombo anali atatisiya.

Amuna atayamba kusambitsa, ndinatsegula sutikesi ija n'kutulutsa nsalu imene inakhalamo zaka zisanu ndi zitatu. Ndinaipereka kwa shehe, a Abdulhamid. Patapita kanthawi anatuluka n'kundiitanira pambali. Anati sandayo yatalika kwambiri, ngati inayezedwera munthu wina, ndiye akufuna lumo adule yotsalayo.

"Musadule," ndinawauza. "Ndi ya mwana wawo. Ipindireni momwemo, apite nayo yonse."