Mabotolo a Dothi a Amayi

Kachipinda ka kuseri kwa nyumba yathu ku komboni ya Railways kankanunkha dothi lonyowa ndi sipiriti. Amayi ankatsekeramo akaweruka ku ofesi ya zaulimi. Ankafufuza tinyongolotsi tosaoneka ndi maso, timene timalowa m'mizu ya tomato n'kuitupitsa timfundo mpaka mbewu kufota. Loweruka lililonse ankayenda m'madimba a ku Bwacha ndi ku Ngungu kupempha dothi lodzaza dzanja limodzi. Akafika nalo ankalithira m'botolo n'kumatapo kapepala ka dzina la mwini dimba. Kangapo anandikweza pampando kuti ndisuzumire m'makina awo okulitsa zinthu, ndipo ndinationa tikupindika ngati ulusi woyera.

Amayi anamwalira m'nyengo yozizira, ine ndili ndi zaka khumi. Sindinalire. Ndimakumbukira mphepo ya fumbi, milomo yong'aluka, nyimbo za azimayi a kutchalitchi, ndi sitima ya katundu imene inkadutsabe pa nthawi yake. Akandipatsa tiyi ndinkamwa, akandiuza kuti ndisunthe ndinkasuntha. Bambo ankangokhala pakhonde atavala ovololo, koma kuntchitoko osapita.

Titaika maliro, azakhali a Belita, alongo awo a bambo ochokera ku Petauke, anayamba kusesa m'nyumba monga mwa mwambo. Anali munthu wa manja achangu, wosadziwa kusiya chinthu pamene achipeza. Atatsegula kachipindako anangoima pakhomo, tsache lili m'manja. Kwathu, munthu wotapa dothi la mnzake n'kulisunga ndi dzina lomwe amadziwika kuti ndi mfiti. Anandiitana chapansipansi kuti olira asamve, n'kundifunsa m'chilankhulo chakwawo.

"Iwe Tisa, amai bako benze kuchita chani na dothi ya bantu?"

"Siniziba," ndinatero.

Ndinkadziwa bwino lomwe. Kungoti mumtima munalibe kanthu, ngakhale mantha, ndipo kufotokoza kunandikulira. Azakhali anagwedeza mutu n'kunena kuti zimenezi zithere m'nyumba momwemo, dzina la malemu lisaipe.

Masana omwewo anakhuthulira dothi lonse m'ngalande ya m'mbali mwa njanji, akuwaza madzi odalitsidwa. Mabotolo anawaswa. Makope a amayi, odzaza ndi zojambula za tinyongolotsi ndi zilembo zawo zopendekeka, anawatentha kuseri kwa chimbudzi. Ena mwa makopewo ndinawanyamula ineyo, ndipo ndinaima pomwepo chifukwa motowo unkandifunditsa miyendo.

Patapita milungu iwiri kunabwera mkulu wina wa kuntchito kwa amayi kudzafunsa makopewo. Anati sankadziwa munthu wina m'chigawo chathu amene anachitapo kafukufuku wotero. Bambo anangomulozera phulusa, iye n'kuvula chipewa.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti amayi anatheratu tsiku limene tinawaika, zotsalazo zinali katundu chabe. Ndinachita kukula kuti ndidziwe kuti ntchito ya moyo wawo wonse inali idakali m'nyumbamo, ndipo amene ankaidziwa, amenenso azakhali anamufunsa tsiku lija, ndinali ine ndekha.