Kope la Ndege Yamatabwa

Mkazi wanga anamwalira Lachiwiri masana ku Small Heath, dera la mu Birmingham kuno ku England, ali pamzere wogula nyama ya mbuzi. Anangokhala pansi ngati munthu wotopa, osadzukanso. Madokotala anati ndi mtima. Ine ndinali kuntchito ku Nechells, ndikulongedza makatoni.

Tinali titakhala pabanja zaka zinayi. Iye anali namwino pachipatala china cha boma muno mu Birmingham, ndipo ine ndinabwera kuno pa chitupa chake, viza ya ntchito. Kwathu ndinkaphunzitsa mbiri yakale kusekondale, n'chifukwa chake ankanditcha Aphunzitsi.

Thupi tinapita nalo kwawo ku Ntcheu. Pamaliro, malume ake anaimirira n'kulankhula akundiyang'ana.

"Ife tamva maliro, matenda sitinawamve. Mkamwini, mwambo mumaudziwa. Mkazi akadwala, mwamuna amauza ankhoswe, ankhoswe amauza eni mbumba. Inu mwatibisira mwana mpaka watibwerera m'bokosi."

Ndinayankha kuti sanadwale. Anthu anang'ung'udza. Nkhoswe yathu ya kuchikazi kuno ku England, mayi wachikulire wa mumpingo mwathu amene ndi namwino ku Telford, yemwe ine ndi mkazi wanga tinkangomutcha Mayi, anali atabwera nafe. Anakhala pamphasa pambali pa apongozi anga aakazi, mutu uli pansi. Onse awiri sananene kanthu. Ndinabwerera kuno ndi mbiri ya mwamuna wobisa matenda a mkazi wake, ndipo malume aja anasiya kuyankha foni yanga.

Za ndege zinayamba ndi agogo aamuna a mkazi wanga. Anali kalipentala, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anatengedwa usilikali n'kukalondera bwalo la ndege kumayiko a kum'mawa. Ankauza adzukulu awo kuti anaonako ndege zankhondo zopangidwa ndi matabwa ndi guluu ngati kabati, ndipo kuti zina zinkamatuka mapiko chifukwa cha mvula ndi dzuwa la kumeneko. Ana ankaseka, ankati ndi mabodza a asilikali.

Tsiku lina mpingo unatenga ana a Sande sukulu kukaona ndege zakale zimene amasunga pamalo ena kufupi ndi Telford, ndipo mkazi wanga anapita nawo kukathandiza. Anabwerako akulankhula asanavule ndi jekete lomwe.

"Aphunzitsi, agogo sankanama. Ilipo! Ya matabwa ndithu. Ndimafuna ndiigogode, mdala wina wandiletsa."

"Ndiye ukufuna tiigule?"

"Inu nsanje basi. Munthu wa mbiri yakale koma mukuuzidwa ndi nesi."

Anagula kope lachikuto cholimba, labuluu. Lachinayi linali tsiku lake lopuma, ndipo anayamba kumakwera sitima ya m'mawa kupita kwa mdala uja, mzungu wopuma pantchito amene amathandiza alendo pamalopo. Madzulo ankandiwerengera zomwe walemba. Ndegeyo inali ya injini ziwiri, yokwera anthu awiri, ndipo azungu anaipatsa dzina la udzudzu. Inkagwira ntchito zambiri: kuponya mabomba, kujambula zithunzi za malo a adani, kusaka ndege zinzake mumdima. Itakalamba, ankaikoketsa nsalu m'mwamba kuti asilikali aziphunzirirapo kuwombera.

"Ngati ine pa wodi," ankatero. "Kusambitsa ndine, mankhwala ndine, kulemba manotsi ndine."

Chimene chinamukoka kwambiri chinali makadi. Ndege iliyonse inali ndi nambala ndi khadi lake, ndipo chilichonse choichitikira chinkalembedwa: tsiku limene inalandiridwa, gulu limene inatumizidwako, pamene inawonongeka, amene anaikonza, tsiku limene inabwerera pantchito, mpaka tsiku limene anaichotsa m'kaundula. Iye ankafuna kupeza ndege zimene zinapita kudera kumene agogo ake analondera. Anajambula mizere m'kope ndi rula, magawo anayi: tsiku, malo, chochitika, ndemanga. Ankati kuntchito kwawo amawaphunzitsa kuti chinthu chosalembedwa ndiye kuti sichinachitike.

Ine sindinapiteko. Lachinayi ndinali pa shifiti, komanso ndege sizinkandikhudza. Ndinkakondwa kuti ali ndi chake chomusangalatsa. Akabwera wotopa, akupumira m'mwamba pamasitepe a fulati yathu, ndinkamuseka kuti ndege zamukalambitsa. Nthawi zina ndinkatsogola kukatsegula chitseko, iye akubwera pambuyo ndi majumbo awiri a zogula. Ndikatchula za mwana ankati tidikire kaye. Ndinkaganiza kuti ndi ntchito.

Titaika maliro, kope lija linakhala pawindo miyezi itatu. Ndinkalisuntha popukuta fumbi, osalitsegula. Kenako ndinaganiza zokalipereka kwa mdala uja, kuti ntchito ya mkazi wanga isathere pawindo. Ndinapempha tchuthi cha tsiku limodzi, Lachinayi, n'kukwera sitima yomwe iye ankakwera.

Ndegeyo ndinaizindikira ndisanafunse munthu. Inaima m'nyumba yaikulu yozizira, pakati pa zinzake zachitsulo, yosalala thupi lonse. Mdalayo ndinamupeza pafupi nayo, atavala baji pachifuwa. Nditamuuza kuti ndine ndani ndi zimene zinachitika, anavula magalasi. Anati ankamukumbukira bwino, namwino wa agogo akalipentala.

"Anabwera katatu," anatero m'Chingerezi. "Kenako ankangonditumizira mafunso pa imelo. Ndinkadabwa kuti bwanji sakubweranso."

Ndinamuuza kuti mwina akusokoneza, chifukwa mkazi wanga ankabwera pafupifupi Lachinayi lililonse kwa chaka chathunthu. Anapukusa mutu mwaulemu. Anati iye Lachinayi sajomba.

Anatenga kope n'kuyamba kulitsegula, akuyamikira mmene manambala analembedwera mwaudongo. Atafika kumapeto analitembenuza, chifukwa masamba akumbuyo analembedwa kuyambira kuchikuto chinacho. Anandibwezera akumwetulira.

"Apa ndi chilankhulo chanu. Kodi ndi nkhani ya agogo aja? Tandiwerengereni."

Mizere inali yomweyo, magawo anayi. Tsiku lililonse linali Lachinayi. Malo anali chipatala cha ku Telford. Pa chochitika analemba mosabisa: andipima mtima, dokotala wati ndi wofooka, andiyambitsa mankhwala, awonjezera mankhwala, ati ndichepetse mashifiti, ati pathupi pangandiphe. Pa ndemanga, mzere woyamba unati: "Ndapita ndi Mayi. Aphunzitsi sindinawauze." Wachiwiri chimodzimodzi. Kutsika m'munsi anasiya kulemba mawuwo, ankangoika timizere tiwiri tosonyeza kuti ndi zomwezo, mpaka tsamba lachitatu.

Ndinauza mdalayo kuti si za agogo. Ndinamuthokoza, n'kuika kope m'chikwama.

Kunyumba kwa ankhoswe kulibe basi yodalirika, ndiye ndinayenda wapansi kuchokera pasiteshoni, kudutsa nyumba zofanana zokhazokha, iliyonse ndi galimoto yake pakhomo. Ndinawapeza atangoweruka, akadali ndi yunifolomu, mapazi ali m'beseni la madzi otentha.

"Mwananga! Osaimba bwanji? Lowa, lowa. Wawonda iwe, ukudya koma?"

Ndinatsegula kope patsamba lija n'kuliika patebulo. Analiyang'ana osaligwira. Anatulutsa mapazi m'madzi n'kuwapukuta pang'onopang'ono, phazi limodzi, kenako linalo.

"Analemba," anatero. "Mwana ameneyu ndi zolembalemba zake."

"Mayi, munkadziwa."

"Ndine ndinkamubukira maapointimenti. Ankaopa kupita kuchipatala chawo ku Birmingham, manesi achimalawi ali wodi iliyonse, pofika Sande mpingo wonse ukanamva."

"Ine si mpingo wonse."

"Anandilumbiritsa. Anati Aphunzitsi akangomva andiletsa ntchito tsiku lomwelo. Ndipo ukanamuletsa, usakane. Akasiya ntchito, viza yatha, yake ndi yako yomwe. Anati dikirani tipeze mapepala okhazikika, ndidzawauza ndekha."

"Ndikanamuletsa, inde. Tikanabwerera kwathu."

"Kukatani kwanu? Mankhwala amenewo ukanawapeza kuti? Iwe ukuganiza kuti sanaziganize zimenezo? Anali nesi, ankadziwa zonse."

Ndinawauza kuti sindinabwere kudzatsutsana za mankhwala. Ndinawakumbutsa tsiku limene anavomera unkhoswe, m'chipinda chochezera chomwecho, pamene anatiuza kuti m'banja mukalowa matenda kapena mkangano, iwo ndiwo khomo, ndipo khomo silitsekera mbali imodzi. Ndinawafunsa chifukwa chimene anakhalira chete ku Ntcheu pamene malume ankandinyoza pamaso pa bokosi.

"Ndikananena chiyani pamaliro? Kuti womwalirayo ndiye anabisa? Amayi ake ali pompo akulira?"

"Bwenzi amayi akewo atadziwa kuti sindinawabisire mwana."

Anayang'ana m'beseni.

"Amayi ake ankadziwa, mwananga. Ankawaimbira akatuluka kwa dokotala, ali m'galimoto yangayi. Iwo ndi amene anati achimwene awo asauzidwe, ndi aphokoso."

Ndinakumbukira kuti tsiku lonyamuka ku Ntcheu apongozi anga anandipatsa thumba la mtedza, n'kundigwira dzanja nthawi yaitali, akuti Mulungu akudziwa. Ndinkayesa kuti akundikhululukira.

"Imbani kwa malume," ndinatero.

"Panopa?"

"Ndinu ankhoswe. Matenda simunanene. Nenani lero."

Anadandaula kuti ndikufuna kuwayambanitsa ndi banja lonse, kuti womwalira salankhula, kuti ndipemphere kaye. Ine ndinangokhala, chikwama chili pamiyendo. Pomaliza anatenga foni n'kuiika poti tonse timve. Anafotokoza zonse, mosazungulira, monga amaperekera lipoti kwa mnzawo wolowa shifiti. Anatchula ndi za amayi ake zomwe.

Kumbuyo kwa malume kunkamveka wailesi ndi nkhuku.

"Mkamwini ali pompo?"

"Ndilipo, malume."

"Ndinakulankhulani pagulu. Ndidzabweza pagulu, tsiku la chiliza. Mubwere." Anatsokomola. "Koma inunso, chaka chathunthu nyumba imodzi, osaona kuti munthu akudwala?"

Ndinkaona. Ndinaona kupuma kwake, ndinaona mapazi otupa, ndinaona timabotolo m'chikwama chake cha kuntchito. Chilichonse anali nacho ndi yankho lake, ndipo ine ndinkakhulupirira chifukwa sanandinamizepo ndi kale lonse. Anthu atatu anakhala pansi n'kuweruza kuti ine ndisadziwe, ati pofuna kundisungira viza. Palibe anandifunsa ngati ndinkaifuna viza yotero. Chimene ndinkafuna n'chochepa: kunyamula majumbo aja pamasitepe, kukhala naye pabenchi ya chipatala Lachinayi.

Ankhoswe anandiperekeza pagalimoto mpaka kusiteshoni. Panjira anandiuza kuti mkazi wanga ankandikonda kwambiri. Ndinati zikomo pondiperekeza.

Mdala wa ndege ndinamutumizira zithunzi za masamba akutsogolo. Anayankha kuti mkazi wanga anali atapeza ndege zingapo zimene zinatumizidwadi kudera lija, ndipo khadi lililonse limanena kumene ndegeyo inathera. Za agogo ake, kapena za msilikali wina aliyense wa kwathu amene ankazilondera, anati sanapeze kalikonse, koma apitiriza kufufuza.

Kutchalitchi ndimapitabe. Ankhoswe ndimawapatsa moni, iwo amayankha, basi. Apongozi anga aimba kangapo. Ndimaiyang'ana foni mpaka itasiya kulira, kenako ndimawalembera uthenga kuti ndili bwino, ndili kuntchito.

Ku chiliza ndidzapita, ndipo ndidzaima pomwe ndinaima tsiku la maliro kuti malume abweze mawu awo anthu akumva. Kope ndidzalisiya kuno. Pansi pa mzere wake womaliza panatsala malo, ndipo ndinalembapo ndi cholembera chake: Lachiwiri, Small Heath, wamwalira. Gawo la ndemanga ndinalisiya lopanda kanthu kwa masabata angapo. Kenako ndinalemba tsiku limene ndinaima pansi pa phiko la ndege ija, ndi mawu awiri: Aphunzitsi adziwa.