Nyimbo ya Juliyasi pabwalo la mpira

Ndikukumbukira ndili sitandade folo, tikukhala m'malayini a esiteti ya tiyi kufupi ndi Muloza. Mlongo wanga wakhanda, Juliyasi, anali atangotisiya ndi malungo. Amayi akamathyola tiyi ankamulira ndi kanyimbo kawokawo ka Chilomwe, kotchula dzina lake motsitsa mawu.

Kukhomo loyandikana nafe kunali a Fostino, oimba gitala, amene ankamwa thobwa pakhonde pathu. Anapita ku Blantyre kukajambula chimbale. Nyimbo zina zinali zachikondi, ina yodandaula za akapitawo, koma yomwe inakwera n'kukhala nambala wani pa wailesi inali ya amayi ija. Anaithamangitsa, anaiikira ng'oma, dzina osachotsa. Zidakwa m'mabala, anyamata a kabaza pamsewu, onse ankakuwa "Juliyasi! Juliyasi!" akugwedeza ziuno.

Ndinapsa mtima. Ndinauza amayi kuti ndikathira madzi gitala yawoyo.

"Siya gitala, mwanawe," anatero amayi. "Abwera okha."

Anabweradi, kudzaimba pabwalo la mpira Loweruka masana. Fumbi linali koboo, anthu mpaka a ku Milange. Itangoyamba nyimboyo, amayi anavula nsapato, anamanga mpango m'chiuno ngati apamaliro, n'kuyenda mpaka kutsogolo. Anakhala pansi, miyendo tambalale, n'kuyamba kubuma nyimbo yawo mmene anaiimbira kumanda.

Kwathu kuno mayi akabuma, mnzake saimirira. Azimayi othyola nawo tiyi anakhala pansi mmodzimmodzi, n'kumathandiza kulira. Azibambo anavula zipewa. Woimba ng'oma anasiya.

"Amayi, chonde, ndi luso chabe," anatero a Fostino, ataiwala kuti mawu akutuluka pa chimkuzamawu.

"Imbanitu, achimwene," amayi anayankha. "Mwini dzina ali uko kunkhalango. Tiyeni mukamuvinire komweko."

A Fostino anatsika pansanja chakumbuyo, gitala ili kukhwapa. Wailesi inapitiriza kuiimba mpaka nyimboyo inatsika yokha kutchuka, koma m'malayini mwathu ikangoyamba, dzanja linkathamangira kukatseka.

Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndimathokoza Ambuye kuti onse ali moyo. Kumvano wa amayi kutchalitchi timaphunzitsana kukhululuka, ndipo ndimayesetsa ndithu. Koma tsikulo silindimvetsa chisoni ngakhale pang'ono. Ndinaphunzira kuti wokulakwira sumuthamangira ndi madzi. Umamudikira aitane yekha anthu, ndiye n'kuwaonetsa chimene anachita.