Gogodera pa Mbaula

Mfuti ya kwathu ndi gogodera, ija yothira onga kukamwa n'kutsindira ndi chitsulo. Agogo aamuna anabwera nayo kuchokera ku Mozambique, ndipo atatisiya inakhala ya ababa. Mpunga ukayamba kucha, ababa ankaitsitsa kudenga la khitchini, n'kuitsuka, n'kukailiza kamodzi kumunda kuti mbalame, akuba ndi achibale adziwe kuti pakhomo pali mwamuna.

Chaka chimene ndinabwerako ku koleji, ine ndi maphunziro titasiyana mwamtendere, ababa anandipatsa udindo waukulu: woyang'anira pomwe iwo akugwira ntchito.

Katsukidwe kake kanali ndi malamulo. Choyamba ankauzira mpweya kukamwa kwa mfuti. Mpweyawo ukatulukira pakabowo ka kumbuyo, pomwe moto umalowera kukayatsa onga, ndiye kuti mkati mulibe kanthu. Apo mpamene ankathira madzi otentha mumpope wa mfutiyo mpaka atuluke oyera, n'kupukuta ndi kansanza, n'kudzoza mafuta a nsatsi.

M'mawa umenewo kabowoko kanali katatsekeka ndi dzimbiri. Anakatokosa ndi sipoko ya njinga, kanakana. Basi anamasula mpope pamtengo wake, n'kulowetsa mbali ya kumbuyo m'makala a pambaula, monga amachitira ndi nati yokakamira.

Amayi ankapeta pakhonde. Lichero linaima.

“Bambo ake, chaka chatha mfutiyo inalira?”

“Inalira.”

“Ine ndikukumbuka munathira onga, munakoka, inangoti tsa ngati machesi onyowa. Kenaka kunagwa mvula, munabwera n'kuipachika.”

“Chimenecho n'chaka chinacho. Mfuti yokulira nayo limodzi, ndingaiwale chimene ndaidyetsa?”

Ananjuta, kumbuyo kwa mpope kuli m'makala momwemo, n'kuika milomo kukamwa kwa mfuti.

“A pulofesa,” anandiitana ndi mbali ya mlomo, “yang'anani apo. Phulusa likauluka mundiuze.”

Anauzira. Ndinayang'ana ndi maphunziro anga onse. Phulusa silinagwedere.

“Palibe, ababa.”

“Ndi mavu amenewo, amangamo nyumba.”

Anakoka mpweya wina, masaya n'kufufuma. Mafuta akale a pachitsulo anali atayamba kufuka utsi. Ndinkadziwa kuti ndikangoti chotsani mlomo, auzirabe kawiri kena, pakuti ababa ndi munthu woti ukawauza kuti bwato likudontha amakwezamo thumba lina la mpunga. Ndikanakoka mbaula, mpope ukanawagunda mano kapena kulira pomwepo. Ndikanakankha mpope, ukanaloza pakhonde pomwe panali amayi. Ndiye ndinachita zimene ndimadziwa bwino: ndinaima.

Amayi anatula lichero pansi mwapang'onopang'ono. Anaponya maso kumunda, n'kufunsa ndi mawu ngati ofunsira mchere:

“Kodi ng'ombe zalowa mumpungamo ndi za ndani?”

Ababa anasiya mpope utatsamira panjerwa. Analiyatsa liwiro opanda nsapato, akutukwana abusa onse a kwa Mwambo ndi makolo awo.

“Choka kutsogoloko iwe,” anatero amayi.

Anavula chitenje chapamwamba, kukulunga m'manja, n'kunyamula chitsulocho atachilozetsa kuchulu. Ankayenda timapazi ting'onoting'ono ngati asenza ndowa yodzaza. Ine ndinkatsatira pambuyo, ndikuthandiza ndi mapemphero. Atafika padiramu la madzi anamizamo mbali yotenthayo. Inalira tswee, nthunzi n'kukwera. Tinadikira. Sichinaphulike.

Ababa anabwerera ali wefuwefu, matope mpaka m'maondo.

“Ng'ombe zake ziti?”

“Mwina zatuluka,” anayankha amayi.

Ataona mpope uli m'diramu, analankhula zambiri. Anati chitsulo chotentha sachimiza m'madzi ozizira, chimapindika. Anati pakhomo pano aliyense wasanduka msilikali. Ndipo pofuna kutseka pakamwa pa anthu, anapinda waya kunsonga ngati mbedza n'kuyamba kukokera kunja zam'kati, beseni lili pansi.

Linayamba kutuluka dothi louma.

“Mwaona? Mavu! Ndimati chiyani ine?”

Kenaka kansanza kotsindirika bwino. Anapendeketsa mpope, ndipo timipira tachitsulo ta m'gudumu la njinga, zipolopolo za mfutiyo, tinagwera m'beseni, ngwe, ngwe, n'kumagubuduzika. Kansanza kena. Pambuyo pake phala lakuda, ndipo kuseri kwa phalalo kunatuluka ufa wakuda, wouma, womwe madzi anali asanaufike.

Ababa anautsina ndi zala. Anaununkhiza. Anayang'ana mbaula, yomwe makala ake anali akadali psu, kenaka n'kudzigwira pamlomo pomwe chitsulo chinasiya mzere wa mwaye. Anakhala pansi padothi, mpando uli pambali pawo.

Amayi anawatungira madzi akumwa, n'kugwada powapatsa monga mwa masiku onse. Kapu inkagunda m'mano, madzi n'kumatayikira pamalaya. Amayi anaigwirizira pansi mpaka anamaliza kumwa.

Kenaka ababa anakonza kukhosi, maso ali m'beseni.

“Koma onga ameneyu ndi wabwino,” anatero. “Chaka chathunthu osafa.”