Nthambi Imene Inagwera Pansi pa Tchati

Ku ofesi ankangowatchula kuti Amatchati. Mwezi ukatha, ankatenga ziwerengero za malonda a nthambi zonse za kampani yogulitsa zipangizo zomangira, n'kuzisandutsa timizati tamitundumitundu pa kompyuta. Anali mayi ofatsa, a magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi. Ankakhala pakona, pafupi ndi makina osindikizira, potentha ngati m'uvuni.

Pulogalamu imene ankagwiritsa ntchito, ukaisiya yokha, inkandandalika nthambi motsatira afabeti. Iwo anaisintha kuti nthambi zizibwera mmene lole ya kampani inkaziyendera, kuyambira yapafupi mpaka yakutali. Madalaivala ankakonda zimenezo. Komanso nthambi yaing'ono kwambiri, komwe mlongo wawo ankasunga katundu, inkabisala pakati pa ziwiri zikuluzikulu, moti panalibe woilabadira. Kaya anachita dala kaya ayi, eni akewo sankadzifunsa.

Kenako kunabwera bwana watsopano, wa nsapato zolira. Tsiku lina anaima kumbuyo kwa mpando wawo.

"Mayi, tchatili likundizunguza mutu. Yogulitsa kwambiri ikhale pamwamba, yofooka pansi."

"Bwana, timatsatira msewu."

"Ine sindiyendetsa lole."

Sinali ntchito yoti n'kutulutsa thukuta. Amatchati anadina, timizati tinasuntha, ndipo nthambi ya mlongo wawo inagwera pansi penipeni, kamzati kake kakafupi ngati chitsa cha ndudu. Pamsonkhano wa mabwana, maso onse anatsetsereka mpaka pamenepo.

Nthambiyo inatsekedwa mvula isanagwe. Mlongo uja anabwera ndi mkazi ndi ana kudzakhala kwa Amatchati, ndipo matilesi ankayalidwa pabalaza. Nkhani siyenda ndi miyendo, koma inafika: dalaivala wina anauza mkaziyo zonse.

"Alamu, akuti ndi inu munatiika pansi," anatero mkaziyo m'mawa wina akutsuka mbale.

"Sindinasinthe nambala ngakhale imodzi, alamu."

"Nanga zaka zonsezi nambalazo zinalibe maso?"

Amatchati anatenga chikwama chawo n'kupita ku ntchito. Mlongo wawo sanaitchulepo nkhaniyo. Ankangodzuka n'kumakonza zitseko zosawonongeka, kuthira mafuta m'mahinjesi osalira, ndipo akamudutsa ankati, "Muyende bwino, achemwali." Zimenezo zinkawawa kuposa mawu a mkazi wake.

Amatchati ntchito akugwirabe mpaka pano, pakona pomwepo. Pansi pa tchati tsopano pali nthambi ina, yoyang'aniridwa ndi mayi wina wamasiye, wanthabwala, amene amaimba foni mwezi ukatha n'kufunsa, "Anzanga, kumwambako akutinena bwanji?" Poyamba Amatchati ankayankha kuti zonse zili bwino. Masiku ano foniyo ikalira amanyamula kapu n'kupita kukatunga madzi.