Makina a Tisa

Tisa, mwana wa mlongo wanga, atapeza mwamuna wachisilamu wa ku Kanyama, ine monga malume ndinayendetsa zonse. Lobola tinalandira. Kenako mnyamatayo anabweretsa makina osokera atsopano, nati ndi mahari. Ndinaganiza kuti ndi lobola yowonjezera, ndiye ndinawakweza pawilibala mpaka kwanga ku Chawama. Sabata lomwelo akazi anga anayamba kusokera mayunifomu.

Tsiku la ukwati kumzikiti, shehe anafotokoza kuti mahari ndi a mkwatibwi yekha. Bambo, malume, ngakhale mwamuna wake alibepo gawo. Ndinagwedeza mutu kuposa Asilamu eni ake, thukuta likutsika m'jekete yobwereka.

Kenako shehe anafunsa Tisa, "Mahari anu munalandira m'manja mwanu?"

Tisa, amene anakhala mbali ya azimayi, anatembenuka n'kundiyang'ana. Ndikanatha kuyankhula. Koma ndinangozyolika, n'kumayang'ana chala changa chimene chinatulukira pabowo la sokosi.

"Ee, ba Shehe, ninalandila," anatero Tisa.

Mwana ananama m'nyumba ya Mulungu pa tsiku la ukwati wake kuti ine ndisachite manyazi. Ndinkati makinawo ndiwabweza mawa, koma oda ya mayunifomu sinkatha. Mpaka lero makinawo akamalira ndimamva mawu aja.

Mwamuna wa Tisa anamwalira, ndipo tsopano Tisa amachapira anthu zovala. Za makina sanatchulepo. Mwezi watha anabweretsa mpango wake wakumutu kuti akazi anga aupinde m'mbali. Anadikira pakhomo, makina ake akulira, ndipo ntchito itatha analipira.